Injini Ina mu Porsche 911 Yakale: Kulowa N'kwina, Kuyenda N'kwina

Makaniko akafuna kuchotsa injini m'magalimoto ambiri amatsegula boneti, n'kumangirira tcheni, n'kuikoka kuti itulukire pamwamba. Porsche 911 yakale siyendera zimenezo. Injini yake ili kumchira kwenikweni, kuseri kwa matayala akumbuyo, ndipo imatulukira pansi. Makaniko amayamba wakhutula oyilo, kenako n'kumasula mawaya a magetsi, mapaipi a petulo ndi a oyilo, chingwe cha kilatchi, ndodo ya magiya ndi zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala. Akatero amalowetsa jeke pansi pa injini n'kumasula mabawuti anayi, awiri akumchira ndi awiri a pa giyabokosi. Injini ndi giyabokosi zimatsikira limodzi, galimoto n'kutsala ili chitukulire, m'mimba muli pululu. Wozolowera amaimaliza ntchitoyi dzuwa lisanapendeke.

Kuphweka kumeneku ndiko kwachititsa kuti m'magalaja a ku California, ku Germany ndi ku England anthu akhale akusinthanitsa mainjini a 911 kwa zaka makumi angapo. Pafupifupi injini iliyonse ya masilinda 6 imene fakitale ya Zuffenhausen, mumzinda wa Stuttgart, inapanga kuyambira 1964 mpaka 1998 ikhoza kukwanira mu 911 yakale kuposa iyo. Koma injini ya galimoto imeneyi siyongozungulitsa matayala ayi. Iyo ndiyo imadziziziritsa yokha mwa njira yakeyake, kulemera kwake ndiko kumalamula mmene galimoto ikhotere pa kona, ndipo nambala yodindidwa pa iyo ndiyo imanena mtengo wa galimotoyo pa msika. Woichotsa amatsala ndi mafunso atatu: a kutentha, a kulemera ndi a mapepala. Mafunso amenewa ndiwo amadya miyezi ndi ndalama.

Injini yosamwa madzi

Aliyense amene anayang'anitsitsapo injini ya njinga yamoto ya kabaza anaona timizere tachitsulo tozungulira silinda. Timizereto timakulitsa malo okhudzidwa ndi mphepo, ndipo mphepoyo imanka nako kutentha. Nzeru ya 911 ndi yomweyo, kungoti masilinda ake ndi 6, atatu agona kumanzere ndipo atatu kumanja. Popeza abisala kumbuyo kumene mphepo ya pamsewu sifika, pamwamba pawo pali fani yaikulu ya masamba 11 imene imawapemerera. Faniyo imazunguzidwa ndi lamba, ndipo m'kati mwake ndimo mumakhala alternator. Lamba akaduka, nyale yofiira ya batire imayaka. Dalaivala wodziwa amazimitsa injini pomwepo, pakuti mphindi zochepa zokha n'zokwanira kupsereza mitu ya masilinda.

Mpweya pawokha sungathe ntchito yonse. Kutentha kwina kochuluka kumatengedwa ndi oyilo, n'chifukwa chake 911 imamwa oyilo wambiri, malita 9 mpaka 13 malinga ndi chaka chake. Oyiloyo sakhala pansi pa injini monga m'magalimoto ena. Ali ndi thanki yake kumbali, ndipo pampu imamukoka n'kumubwezeranso. Pomuyeza, injini iyenera kukhala yotentha ndiponso ikulira. M'magalimoto a 1972 kampaniyo inasunthira thankiyo kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, n'kuika kachitseko kothirira oyilo kunja, pafupi ndi chitseko chakumanja. Ogwira ntchito m'malo omwetsera mafuta ena ankakayesa kachitseko ka petulo, n'kuthiramo petulo. Chaka chotsatira thankiyo inabwerera kumalo ake akale. Lero wofuna kuika injini ina mu 911 ya 1972 amafunika mapaipi a oyilo osiyana ndi a zaka zina zonse.

Injini imeneyi, imene mmodzi mwa akatswiri oijambula anali Hans Mezger, inayamba ndi malita 2.0 ndi mahosipawa 130. Inakula pang'onopang'ono: 2.2, kenako 2.4, kenako 2.7 imene mu Carrera RS ya 1973 inkatulutsa mahosipawa 210. Mu 1978 kunabwera 911 SC ya malita 3.0, ndipo mu 1984 Carrera ya 3.2 ya mahosipawa 231 m'magalimoto a ku Ulaya. Mtundu wotchedwa 964 unabwera mu 1989 ndi malita 3.6 ndi mahosipawa 250, ndipo womaliza, 993, unafika pa 272 kenako 285. Zaka 34 zonsezi kakhalidwe ka injini sikanasinthe: masilinda 6 ogona, fani pamwamba, giyabokosi kutsogolo kwake. N'chifukwa chake injini ya mdzukulu imakwanira pamalo a ya agogo.

Pa 31 Malichi 1998 fakitale ya Zuffenhausen inatulutsa 911 yomaliza yoziziritsidwa ndi mpweya. Malamulo a utsi ndi a phokoso anali atakhwima, ndipo kuti injini ikhale ndi mavavu anayi pa silinda iliyonse, mitu yake inafunika madzi. Mtundu wotsatira, 996, unabwera ndi radiyeta. Kuyambira tsiku limenelo, mainjini a mpweya a 911 ochokera m'fakitaleyo ndi omwe alipowa, ndipo amangoyendayenda kuchoka m'galimoto ina kulowa m'inzake.

Chimene chimawatuma

Anthu ambiri oyamba kusintha injini sankafuna liwiro. Ankangofuna kuti galimoto iyende. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1977, buloko ya injini ya 911 inkapangidwa ndi magnesium, chitsulo chopepuka koma chofewa. Masilinda ndi mitu yake amagwidwa ndi mabawuti ataliatali 24 ozikidwa mu bulokoyo. Injini itakula kufika pa 2.7, masilinda a aluminiyamu ankafutukuka kwambiri akatentha, n'kumakoka mabawutiwo mpaka mazinga a mu magnesium kuzuka. Vutoli linakula m'magalimoto opita ku America, makamaka ku California, m'zaka za 1975 mpaka 1977, pamene pa ekizozi anamangapo zigubu zowotchera utsi zimene zinkatentha koopsa pafupi ndi mitu ya masilinda. M'nyengo yomweyo fani ya masamba 11 inasinthidwa kwa kanthawi n'kukhala ya masamba 5. Mainjini ambiri anatopa akadali aang'ono.

Mwini galimoto wa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankawerengera m'thumba. Kuchita ovaholo ya 2.7 kunkafuna kuphwasula injini yonse, kutumiza buloko kwa akatswiri a makina kuti akaiwongole ndi kuikamo mazinga atsopano, kenako n'kugula masipeya odula. Pomwe injini ya 3.0 yochokera mu SC yochita ngozi, ya buloko ya aluminiyamu yolimba, inkapezeka pa mtengo wotsikirapo ndiponso inali ndi mphamvu zoposa. Ambiri anasankha njira yachiwiriyi, 2.7 yakale n'kuponyedwa kuseri kwa galaja kapena kugulitsidwa ngati chitsulo. Nayo 3.0 ili ndi nthenda yake. Mabawuti ake a m'munsi, opangidwa ndi chitsulo chotchedwa Dilavar, amadyeka ndi dzimbiri n'kuthyoka. Wogula injini yotere wochenjera amatsegula zovindikira mavavu zam'munsi asanapereke ndalama, kuti aone ngati simugwa mutu wa bawuti.

Gulu lachiwiri ndi la eni magalimoto amene anabadwa ndi masilinda anayi. Porsche 912, yopangidwa kuyambira 1965 mpaka 1969, inali ndi bodi ya 911 koma injini ya malita 1.6 yochokera ku Porsche 356, ya mahosipawa 90. Porsche 914 ya 1969 mpaka 1976, imene injini yake imakhala pakati, kuseri kwa mipando, nthawi zambiri inkabwera ndi injini ya Volkswagen. Mwa magalimoto pafupifupi 119,000 a 914, pafupifupi 3,300 okha ndiwo anatuluka m'fakitale ali ndi masilinda 6. Otsalawo akhala akuyesa mitima ya eni ake, chifukwa malo a injini yaikulu alipo kale. Chimafunika ndi kuwotcherera zogwirira injini zatsopano ndi kupeza pokhala thanki ya oyilo.

Gulu lachitatu ndi la osaka liwiro, ndipo masamu awo ndi apafupi. 911 yoyambirira inkalemera makilogalamu 1,080, pomwe 964 ya matayala awiri oyendetsa inkalemera 1,350. Kuika mahosipawa 250 a 964 mu bodi yopepukayo kumabala galimoto imene fakitale sinagulitsepo. Okonda zakale akamadzudzula khalidweli, osinthawo amaloza banja la Porsche lenilenilo. Galimoto yoyamba ya 356, yopangidwa ku Gmünd m'dziko la Austria mu 1948, inkayendera injini ya Volkswagen yokonzedwanso. Mu 1969 Ferdinand Piëch, mdzukulu wa Ferdinand Porsche, analamula kuti mu 914 ziwiri muikidwe injini ya masilinda 8 ya galimoto ya mpikisano ya 908. Imodzi inakhala yake, inayo inaperekedwa kwa Ferry Porsche pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 60.

Walira mvula, walira matope

Mwa mainjini a m'banjamo, 3.0 ndi 3.2 ndiwo savuta kwenikweni, komabe ali ndi zofuna zawo. 911 zoyambirira zinkayendera makabuleta a Solex, Weber kapena Zenith, amene amakhuta ndi pampu yofooka. Injini ya 3.0 imamwa petulo kudzera mu makina a Bosch otchedwa K-Jetronic, ofuna pampu yamphamvu ndi paipi yobwezera petulo ku thanki. Paipi yakale ya labala ikakumana ndi mphamvu yotere imaphulika, ndipo petulo amathira pa injini yotentha. Injini ya 3.2 imabwera ndi kompyuta ya Motronic, imene mu Carrera imakhala pansi pa mpando, ndipo mawaya ake onse ayenera kusamuka nayo. Ena amataya zonsezi n'kumangapo makabuleta a Weber kapena PMO, pofuna kulira kwake ndi kuphweka kwake, ngakhale kuti petulo amatha msanga.

Injini ya 3.6 ndiyo imasiririka koposa, ndipo ndiyo imabisa msampha waukulu. Mainjini onse kufikira 3.2 ali ndi choziziritsira oyilo chomangidwa pa injini pomwepo, chopemereredwa ndi fani. Pa 3.6 chimenecho palibe. Mu 964 ndi 993 oyilo amaziziritsidwa kutsogolo kwa galimoto. Choncho woika 3.6 mu bodi yakale osaganizira za oyilo amakhala ndi injini yamphamvu kwambiri imene ilibe pozizirira n'komwe. Ayenera kuyendetsa mapaipi awiri aakulu m'mbali mwa galimoto, kuchokera kumchira mpaka m'madigadi akutsogolo, n'kuikamo choziziritsira chachikulu, kawirikawiri chokhala ndi fani yamagetsi. Ambiri amaika ziwiri, kapena chimodzi pakati pa bampala. Pamapaipiwo pamafunikanso chotsekera chomva kutentha, kuti oyilo wozizira wa m'mawa, amene ndi wolimba, asakaphulitse choziziritsiracho.

Kuti mpweya ndi oyilo zikhoza kupirira dzuwa loopsa, umboni uli ku Kenya. Mu mpikisano wa Safari wa 1978, Vic Preston Jr anamaliza pa nambala 2 ndipo Björn Waldegård pa nambala 4, onse ali mu 911 SC. Mu 2011 Waldegård yemweyo anapambana East African Safari Classic Rally mu 911 yokonzedwa ndi kampani ya Tuthill ya ku Oxfordshire. Magalimoto amenewa amathamanga m'fumbi ndi m'matope tsiku lonse opanda dontho la madzi mu injini. Chinsinsi chake n'chakuti oyilo akhale ndi pozizirira pokwanira, ndipo fani ikoke mpweya wozizira wokhawokha. Kuzungulira injini pali malata ndi malabala otseka mpata pakati pa injini ndi bodi, olekanitsa mpweya wozizira wa pamwamba ndi wotentha wa ku ekizozi. Malata a 3.6 sagwirizana ndi bodi yakale, ayenera kudulidwa kapena kupangidwa mwatsopano. Akasiya mpata, fani imakoka mpweya womwe yatulutsa kale, injini n'kumadziphika yokha.

Kenako pali giyabokosi. Yoyambirira, yotchedwa 901, inapangidwira injini ya malita awiri. Mphamvu yopotokola ya 3.6 yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri ya injini imeneyo, ndipo 901 siingapirire nthawi yaitali. Ya 915, yogwiritsidwa ntchito kuyambira 1972 mpaka 1986, ndiyo ambiri amadalira, bola ikhale yokonzedwa bwino ndipo dalaivala asamainyamule mwankhanza. Yolimba kuposa zonse ndi G50 ya kampani ya Getrag, imene inabwera mu 1987, koma ndi yaitali. Kuti ilowe mu bodi yakale pamafunika kuifupikitsa, apo ayi kudula chipaipi chopingasa chimene chimasunga masipuling'i akumbuyo. Apa ndi pamene ntchito imasiya kukhala ya sipanala n'kukhala ya gilayinda ndi moto wowotcherera.

Tinthu ting'onoting'ono ndito timachedwetsa ntchito. Gudumu lolemera la kumapeto kwa injini, flywheel, limamangidwa ndi mabawuti 6 m'mainjini ofika 1977 ndi mabawuti 9 kuyambira 1978. La 3.6 liyenera kukhala ndi mano owerengedwa ndi sensa ya kompyuta, komanso likwanire mu 915, ndiye limapangidwa mwapadera. Pampu ya chiwongolero chopepuka imachotsedwa, dzenje lake n'kutsekedwa. Injini ya 3.6 ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, ndipo disitibyuta yake ndi yamapasa yolumikizidwa ndi kalamba kakang'ono. Kalambako kakaduka injini imalirabe, koma moto ukhoza kumafika pa silinda nthawi yolakwika mpaka kuwononga pisitoni. Makompyuta a 993 zakumapeto amakana kulitsa injini ngati sakumva makiyi a galimoto imene anachokera. Munthu akhoza kumaliza kumanga zonse, n'kutembenuza makiyi, injini n'kungoti zii.

Mchira wolemera

Injini ya 911 imalemera makilogalamu pafupifupi 200, ndipo yonse ili kuseri kwa matayala akumbuyo. Pa magawo khumi a kulemera kwa galimoto, pafupifupi 6 amagwera kumbuyo. Ponyamuka zimenezi zimathandiza, chifukwa matayala amakanirira pansi. Koma pa kona, dalaivala akachita mantha n'kuchotsa phazi pa moto mwadzidzidzi, mchira umafuna kupitirira mutu. Kampaniyo inalimbana nalo vutoli kuyambira pachiyambi. M'magalimoto ena oyambirira inabisa zitsulo za makilogalamu 11 kumapeto onse awiri a bampala yakutsogolo. M'magalimoto a 1969 inasunthira matayala akumbuyo mamilimita 57 kumchira, n'kuika mabatire awiri kutsogolo. Ngati fakitale inkavutikira makilogalamu 22, ndiye kuti injini yolemerapo ndi makilogalamu makumi angapo si nkhani yamasewera. Imafuna masipuling'i okhuthala, mashoko ena, matayala otambalala ndi mabuleki aakulu.

Funso la kulemera limakula pamene injini yolowayo si ya Porsche. Makampani monga Kennedy Engineered Products ya ku California amapanga mbale zolumikizira mainjini achilendo ku giyabokosi ya Volkswagen ndi ya Porsche, ndipo Renegade Hybrids ya ku Las Vegas imagulitsa zida zoikira V8 ya Chevrolet kapena injini ya Subaru mu 914 ndi 911. Ya Subaru imakondedwa chifukwa nayonso masilinda ake ndi ogona, ndipo masipeya ake amapezeka paliponse. V8 ya aluminiyamu siilemera koopsa monga anthu amaganizira, koma ndi yaitali m'mwamba ndiponso kulemera kwake kumakwera. Mu 914, mmene injini ili pakati, imakhalako bwino kuposa mu 911. Komabe giya yoyamba ya 901 siipirira V8, moti eni ake ambiri amanyamukira giya yachiwiri. Mainjini onsewa amamwa madzi, ndiye radiyeta iyenera kupita kutsogolo, m'malo a katundu. Bodi imabooledwa kuti mphepo ilowe ndi kutuluka, ndipo mapaipi a madzi amayenda pansi pa galimoto yonse.

Palinso ntchito ina imene injini yakale inkagwira mwakachetechete. Hita ya 911 ilibe madzi otentha oti igwiritse ntchito. Mapaipi a ekizozi amakutidwa ndi zigubu zachitsulo, mpweya wa fani umadutsa m'zigubumo n'kutentha, kenako n'kulowa m'galimoto. M'nyengo yozizira ya ku Ulaya mpweya umenewu ndiwo umachotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo. Woika ekizozi ya mpikisano yopanda zigubuzo amatsala wopanda hita, ndipo wosiya zigubu zakale zadzimbiri amaika moyo pachiswe, pakuti paipi ikabooka m'kati, utsi wakupha wa carbon monoxide umalowa limodzi ndi mpweya wofundawo. M'zaka zaposachedwa kwabweranso njira ina. Makampani monga Everrati ku England, Electric Classic Cars ku Wales ndi EV West ku California amachotsa injini n'kuikamo mota yamagetsi, mabatire n'kugawidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto imanyamuka mwamphamvu, koma imalemera, ndipo kulira kwa fani, kumene anthu ambiri amagulira 911, kumatha.

Nambala ndi malamulo

Pa buloko ya injini iliyonse, pafupi ndi fani, pali nambala. Fakitale inkalemba nambala ya chasisi, ya injini ndi ya giyabokosi ya galimoto iliyonse, ndipo makadi a magalimoto akale, otchedwa Kardex, akadalipo. Mitengo ya 911 zakale itakwera kwambiri m'zaka za m'ma 2010, ogula anayamba kugwada ndi tochi kuseri kwa galimoto kuti aone ngati manambalawo akugwirizana. Pa SC wamba kusiyana kwa mtengo kukhoza kukhala kochepa. Pa Carrera RS 2.7, imene anapanga 1,580 zokha, kapena pa 911 S yoyambirira, injini yobadwa nayo ndi chuma chachikulu. Choncho 2.7 ija inaponyedwa kuseri kwa galaja lero ikusakidwa, ndipo 912 imene inapulumuka osaikidwa masilinda 6 ikupatsidwa ulemu umene inkausowa kale.

Maboma nawo ali ndi maganizo awo, ndipo sagwirizana. Ku California magalimoto a petulo a 1975 ndi akale kuposa pamenepo sayezedwa utsi, ndiye bodi za zaka zimenezo zimasakidwa kwambiri ndi osintha mainjini. Galimoto ya 1976 kupita m'tsogolo ikasinthidwa injini, yatsopanoyo iyenera kukhala ya chaka chomwecho kapena yatsopano kuposa galimotoyo, ikhale ndi zida zake zonse zochepetsera utsi, ndipo ikaonedwe ndi woyeza wa Bureau of Automotive Repair. Ku Germany, kuyambira 1997, galimoto ya zaka 30 ikhoza kulandira nambala yothera ndi H, imene imachepetsa msonkho, koma zosintha zake ziyenera kukhala zogwirizana ndi nyengo yake, zimene zinali zotheka m'zaka khumi zoyambirira. Ku Britain, kuyambira 2018, galimoto ya zaka 40 siikakamizidwa kupita ku mayeso a pachaka a MOT pokhapokha ngati inasinthidwa kwambiri. Kukulitsa injini ya mtundu womwewo sikuwerengedwa ngati kusintha kwakukulu, koma kusintha chiwerengero cha masilinda kawirikawiri kumawerengedwa.

Malamulo onsewa akufunsa funso limodzi: kodi galimoto imasiya liti kukhala imene inali? Bungwe loona za magalimoto akale padziko lonse, FIVA, linayankhapo mu 2019 pa nkhani ya magetsi. Linati galimoto yochotsedwa injini n'kuikidwa mota yamagetsi siiwerengedwanso ngati ya mbiri yakale, ndipo linalangiza kuti wosinthayo azisunga zida zonse zoyambirira ndi kusintha mwa njira yoti zikhoza kubwezeretsedwa. Malangizowa amamveka ngakhale kwa anthu amene sagwirizana ndi mfundo yoyambayo.

Injini zichokera kuti

Kale wosintha injini ankaonedwa ngati wophwanya mwambo. Zinthu zinatembenuka pamene gulu la R Gruppe linayambika ku California mu 1999, kusonkhanitsa okonda 911 zakale zosinthidwa motsanzira za mpikisano, ndipo zinafika pachimake ndi Singer Vehicle Design. Kampani imeneyi anaiyambitsa mu 2009 ku Los Angeles ndi Rob Dickinson, yemwe kale ankaimba m'gulu la ku Britain la Catherine Wheel. Singer imatenga 964, n'kuivula yonse, n'kuiveka maonekedwe a 911 zoyambirira, injini n'kukulitsidwa mpaka malita 4.0. Pogwirizana ndi Williams Advanced Engineering inapanganso injini ya mpweya ya mavavu anayi pa silinda ndi mahosipawa 500, chinthu chimene fakitale inaona kuti n'chosatheka pa magalimoto ogulitsa ambiri. Makampani ena ambiri atsatira njira yomweyo.

Zotsatira zake zaonekera pa msika wa masipeya. Magalimoto a 964 anapangidwa pafupifupi 63,000 okha, ndipo 3.6 iliyonse yolowa mu bodi ya 1973 yasiya galimoto ina ili yopanda kanthu kumchira. Kale 964 inali 911 yonyozeka, ndipo injini yake inkagulika ndi munthu wa malipiro wamba. Lero 964 yathunthu ndi yodula, yochita ngozi amaikonza m'malo moiphwasula, ndipo injini yogwiritsidwa kale ntchito, imene palibe akudziwa zam'kati mwake, nthawi zambiri imafunanso ovaholo isanalowe. Masamu a m'zaka za m'ma 1980 atembenuka. Nayo nthambi ya Porsche Classic inayambanso kupanga mabuloko atsopano a magnesium a mainjini akale, ndipo akatswiri a makina anaphunzira kuchiza mazinga a 2.7 mokhalitsa. Kwa eni ambiri, kukonza injini yobadwa nayo kwakhalanso njira yanzeru.

Kusintha injini sikunathe, ndipo sikutha. 911 yopepuka yokhala ndi 3.2 kapena 3.6, yoziziritsidwa bwino ndi yomangidwa mabuleki oyenera, ndi galimoto yokoma kuyendetsa kuposa mmene inatulukira m'fakitale, ndipo eni ake amaiyendetsadi m'malo moitsekera m'galaja. Chimene zaka 40 zapitazi zaphunzitsa n'chakuti palibe amadziwa chimene m'badwo wotsatira udzachiyese chamtengo. Amene anataya 2.7 mu 1985 anachita zanzeru za nthawi yake, koma amene anadzagula galimotoyo pambuyo pake ndiye akulipira. N'chifukwa chake amakaniko osamala amapereka malangizo awiri asanagwire sipanala. Loyamba, chilichonse chomangidwa ndi bawuti chisinthidwe mmene mwini afunira, koma gilayinda isakhudze bodi pokhapokha palibiretu njira ina. Lachiwiri, injini yakale, ngakhale itanoka, isagulitsidwe. Ithiridwe oyilo m'masilinda, itsekedwe mabowo onse, isungidwe pouma pamodzi ndi malata, mawaya ndi ekizozi yake, ndipo tsiku logulitsa galimotoyo ipite nayo limodzi kwa mwini watsopano.